Makilobaiti Asanu ndi Anayi

Kafoni ka Zikani n'kamabatani,
komanga ndi mphira kuti batire isagwe.
Malo otsalamo ndi makilobaiti asanu ndi anayi.
Kwina konseko kuli mawu a malemu amayi,
ojambulidwa chaka chimene ankadwala chija,
ndipo palibe chala cha pakhomo pathu
chingafike pa batani lofufutira.

Iye wagona m'chipatala cha Kasungu, mwendo uli m'chikhakha,
njinga yake ya kabaza inapindikira pafupi ndi depoti.
Akuti: Achemwali, si munaphunzira za makompyuta inu?
Ndipangireni gemu.
Denga la muno ndaliloweza pamtima.

Ndiye usiku magetsi akabwera
ndimatsegula laputopu yobwereka kwa Nachisale
n'kumadinda dziko ngati fodya pa jeke.

Poyamba ndinaikamo tauni yonse.
Kafoni kanalavula.

Phiri ndinalisandutsa mizere iwiri yogundana mitu.
Mvula ndinaichotsa; m'gemu muno ndi chilimwe mpaka kalekale.
Wapolisi wa pa rodibuloko ankadya mabaiti mazana anayi
atangoima chilili,
ndinamuchotsa ntchito.
Mbuzi ndi galu ndi kadontho kamodzi komweko,
kusiyana kwake liwiro basi.
Nyimbo inatha yonse, kwatsala belu.

Maenje a mumsewu sindinajambule limodzilimodzi.
Ndinalemba kamzere kamodzi kobereka maenje
ndipo amabadwa okha, osatha,
ngati enieniwo.

Wopalasayo alibe nkhope,
ndi timadontho khumi ndi tiwiri,
koma pokwera chitunda amapendekera kumanzere
monga achitira mlongo wanga.
Kupendekera kumeneko kunandidyera mabaiti makumi atatu.
Sindinanenerere mtengo.

Lachinayi ndinapita nayo kuwodi.
Inakanabe pakhomo:
yapitirira ndi mabaiti mazana awiri ndi khumi.

Zikani anati, akuyang'ana kukhoma:
Alipo mawu ena aafupi, masekondi awiri okha.
Tifufute amenewo, ndi funso chabe.
Tinawaseweretsa.
"Mwafika?"
Kumbuyo kukumveka chitseko chathu chokhwekhwereza chija.
Tinawaseweretsanso.
Namwino anadutsa ndi thireyi ya mankhwala
ife tili duu.

Usiku womwewo ndinadula mapeto.
Kunali kageti, kasitomala wotambasula dzanja la ndalama,
ndi malemba aakulu akuti WAPAMBANA.
Ndinazula zonse, ndi mizu yomwe.

M'mawa inalowa, myaa,
n'kusiya mabaiti asanu ndi limodzi,
malo osakwana ngakhale dzina langa.

Tsopano kafoniko kamayenda bedi ndi bedi.
Wothyoka nthiti amaseka mosamala akagunda mbuzi.
Mnyamata wa pakona wazemba maenje mazana asanu,
walemba chiwerengerocho pa chikhakha cha Zikani
kuti wina asadzatsutse.

Dzulo a Kaliwo, a pabedi lachitatu,
amene anagwa pa denga la chigafa,
anapalasa mpaka batire inalira,
kenako anatsitsa magalasi n'kundifunsa:
Mwanawe, kodi munthu ameneyu akupita kuti?
Safika?

Ndisanatsegule pakamwa
Zikani analanda kafoniko, nakalumikiza ku chaja,
nakaika pansi pa pilo.
Anati: Mawa mudzayambire pomwepo, bambo.
Msewu ulipobe.