Waya wa Buleki

Kondakitala wa minibasi ya ku Kawale
amandifunsabe Lachiwiri lililonse:
"Mayi, kabokosi aka ndi ka maliro a ndani?"
Ndimangokafungatira pamiyendo,
vayolini ali duu m'kati, ngati mwana wogona.

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ku Likuni,
pamene Sisitere Felista anandipanitsa kathabwa aka ndi chibwano
nati, "Usaimbe. Ingoima."
Ndinaima mwezi wathunthu.
Chaka choyamba, nsambo zopanda chala,
uta kukwera, uta kutsika,
kulira ngati chitseko chadzimbiri,
agalu a paparishi kundivomera.
Bambo anga anapukusa mutu:
"Kaligo wa amalume ako anali ndi nsambo imodzi,
anthu ankavina mpaka fumbi koboo.
Iwe zinayi, nkhuku zomwe zikuthawa."

Kenako zaka zinayi kudziko lachisanu
kumene zala zinkauma gwa ndisanatsegule bokosi.
Mzere wachitatu, mpando wakumanzere,
kuwerenga chamumtima mpaka makumi anayi
kuti ndilowe limodzi ndi anzanga khumi ndi awiri
ngati mpweya wa chifuwa chimodzi.
Palibe anandimvapo ndekha.
Ntchito yake inali yomweyo.

Nditabwerako, maukwati a ku Eriya 47,
mahotela amene mafoloko ankalira kuposa ine.
Bwana wina anandikodola ndi fupa la nkhuku:
"Tatiimbireni yovinika, yakwathu kuno."
Ndinaimba.
Lendi sadziwa manyazi.

Lero ndili m'kachipinda kuseri kwa tchalitchi,
ana asanu ndi awiri, mavayolini atatu,
wina akamaimba, anzake amakweza pensulo m'malere
kuyeseza uta umene alibe.
Okutobala amamatula guluu,
Januwale amalefula nsambo,
ndipo yachinayi, yopyapyala ija, ikaduka
ungayende kuchokera ku Bwalo la Njobvu mpaka ku Kanengo
osapeza sitolo yoidziwa ndi dzina lomwe.
Lifeyo wokonza njinga za kabaza
amandisomolera kawaya ka buleki,
kukapala ndi sandipepa, nati,
"Kakalira bwino mudzandiuze."
Kamalira, koma mokalipa
ngati munthu wodzatenga ngongole yake.

Ndaziona amafika mochedwa,
beseni la zitumbuwa likatha.
Zala zake zimasiya mafuta pakhosi pa vayolini.
Amagwira uta ngati tsache.
Ndimamasula chala chake chachikulu, kamodzi, kakhumi,
tsitsa phewa, usalume mano, puma, mwana iwe, puma,
mawu a Sisitere kutuluka m'kamwa mwanga
osaodira n'komwe,
chonsecho mwini wake anagona kalekale
pansi pa mikeshya ya ku Likuni.

Zanga zala zayamba kukana.
Nyamakazi inalowera ku kachala kotsiriza,
kaja kokwera pamwamba penipeni.
Ana sadziwa.
Ndikafika pamenepo ndimaima dala,
kunamizira kufotokoza.

Dzulo magetsi anazima tili pakati pa tsamba.
Manotsi anamira mumdima.
Ndinati tiweruke, koma mtsikanayo sanamve,
anapitirira chamumutu,
kukwera, kukwera pa waya uja wa buleki
kulinga pa liwu limene ine ndinasiya kulifikira
mvula zitatu zapitazo.
Ndinatsinzina, kudikira kuti aphonye.

Analasa pakati penipeni,
ulusi pa diso la singano.
Liwu linaima njo m'chipindamo, lopyapyala, losagwedera.
Panja wogulitsa makala anatsika panjinga.

M'chifuwa mwanga munadzuka awiri,
wina akululutira, wina atagwira nsanje,
ndipo sindinadziwe woyamba kum'tontholetsa.
Ndinafufuza machesi m'chikwama nthawi yaitali
kuposa imene machesi amafuna.

Kandulo itayaka ndinati,
"Chigongono chako chinatsika.
Bwerezanso, kuyambira pamwamba pa tsamba."
Anatsonya pang'ono, nakweza uta.

Mawa ndidzera kwa Lifeyo.
Ndili naye uthenga.