Chikombole

Ku Tallinn dzuwa lalowa isanakwane folo koloko.
Chisanu chakwera mpaka nsanjika yachisanu
kumene Merike watsala yekha
ndi khofi wozizira, ndi fayilo yopanda kanthu.

Sabata yatha anthu atakhamukira matikiti
a sitima ya pamadzi yopita ku Helsinki,
mauthenga makumi anayi ndi atatu anasowa panjira.
Ndalama zinalowa, matikiti osatuluka.
Mayi wina anaimba ali padoko,
ana awiri akulira, galu akukoka chingwe.

N'chifukwa chake lero akuumba mzere,
poti uthenga uliwonse uziima, kudikira nthawi yake,
osati kupanikizana pakhomo la seva
mpaka ofooka kupondedwa.

Sakudina mabatani monga ankachitira Indrek,
amene ankamanga ndi chala chimodzi, osalemba paliponse,
kenako anapita kukaweta njuchi ku Võru
mapulani onse ali m'mutu.
Iye akulemba chikombole.
Njerwa ikasweka uumbanso ina,
yofanana ndi inzake mpaka m'makona.

Dzina la mzere.
Uthenga usungidwe masiku anayi.
Wautenga akhale nawo masekondi makumi atatu;
akazengereza, ubwerere, wina autole.
Ukalephera kasanu usatayidwe,
upite ku mzere wina wa kuseri,
wa makalata osowa mwini,
kumene munthu adzawatsegule m'mawa ndi maso ake.

Wadina. Kompyuta yakana.
Mawu ofiira: pa mzere wa makumi awiri ndi chimodzi.
Wayang'ana mpaka maso kuwawa.
Mipata iwiri yokha, mawu analowa mkati mopitirira.
Kanthu kosaoneka, koma nyumba yonse yapendekeka.
Waseka yekha, wafufuta.

Tsopano makina akumuuza zimene achite asanachite:
ziwiri zipangidwa,
palibe chisinthidwe,
chimodzi chigwetsedwa.

Chala chaima m'malere.
Chigwetsedwa chiti?

Wafukula, wapeza kamzere kakale
kamene wina anakalowetsa m'kaundula n'kukaiwala,
dzina lake n'loti “zongoyesa”,
koma mkati muli mauthenga akupuma,
obweza ndalama kwa anthu amene sitima inawasiya.
Zaka zitatu kakugwira ntchito mwakachetechete
ngati mzati wobisika m'khoma.

Wamuimbira Indrek.
Kumbuyo kwake kukumveka nkhuni zikuthetheka.
“Aa, kameneko usakakhudze,” akutero,
“ndimati ndidzalemba.”

Merike sanayankhe zambiri.
Fisi akatola fupa sayamba wafunsa mwini,
koma iye si fisi.
Wakalembera kamzereko malo ake m'chikombole,
wakapatsa dzina loona,
ndi mawu awiri pamwamba pake
oti wobwera pambuyo asadzavutike kuimba foni.

Wayesanso.
Ziwiri zipangidwa. Palibe chigwetsedwa.
Walemba kuti inde.

Kwinakwake ku Frankfurt, m'nyumba yopanda mawindo
imene amaitcha mtambo ngakhale ili pansi,
mzere wabadwa, wopanda phokoso.
Watumiza uthenga woyesera: moni.
Walowa, waima pang'ono, watoledwa.
Nambala yabwerera pa ziro.

Wavala jekete, wazimitsa magetsi.
Pa siteji ya tiramu anthu asanu ndi mmodzi
aima mondondozana m'chipale,
aliyense ndi kamtambo kake pakamwa.
Merike waima kumbuyo kwawo,
wachisanu ndi chiwiri.