Sokosi ya Kumanzere

Lero ndatha mphindi khumi ndi ziwiri
ndikukambirana ndi sokosi ya kumanzere.
Iyo ili pansi, ine ndili pabedi,
pakati pathu pali chiuno changa
chimene chauma gwa
ngati chitseko cha galaja mu Januwale.

Dzulo linali Lachinayi.
Kuno ku Dauphin bwalo la ayezi amatipatsa usiku, cha m'ma leveni,
ana asukulu atatha, atsikana atatha,
kwatsala ife madoda a mimba ndi imvi
ovala zikopa zonunkha thukuta la zaka makumi awiri.
Orest Wasyliw anandikankhira kamphira kakuda kaja kuchokera pakona.
Ndinawerama. Ndinapotoka.
Mipeni ya kunsi kwa nsapato inalemba mzere pa ayezi,
ndipo m'munsi mwa msana munamveka thyo,
ngati wina waponda nthambi youma pansi pa chipale.

Chigoli sindinamwetse.
Ndinkati ndinene kuti chimenecho ndicho chikundiwawa kwambiri,
koma ndikhala ndanama.
Msana ukuposa.

Ndinayendetsa galimoto ndili chopendekera,
tako limodzi lili m'mwamba.
Pa sitepe yachitatu ya khonde ndinaima njo,
mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi,
kudikira kuti ululu undilole kulowa m'nyumba mwanga momwe.

Marlys sanalankhule.
Anatsegula firiji, natulutsa thumba la nsawawa zouma ndi kuzizira,
nalikulunga m'thaulo, nandiika pachiuno.
Pali kukhala chete kwina kumene kumalalata
kuposa woimbira mpira ndi wezulo yake.

Masana ndinapita kwa mayi Dacanay, owongola minofu.
Chala chawo chinapeza malowo osafunsa njira.
Apa? Ndinalumpha.
Akuti fupa lili bwinobwino, yakwiya ndi minyewa.
Akuti zaka makumi anayi ndakhala ndikuwerama mbali imodzi
ngati mlimi wolima mzere umodzi wokhawokha,
ndipo msana wakhala ukugwira ganyu ya mimba yaulesi.
Bedi si mankhwala, bambo Hrycak, yendani.
Ukadzatsikira m'mwendo, phazi n'kuchita dzanzi,
musadikire kuti kuche.

Ndiye ndine pano pa kapeti, madzulo ano,
manja ndi maondo pansi,
kukweza msana ngati mphaka woopsezedwa,
kuutsitsa ngati ng'ombe yotopa,
kakhumi, pang'onopang'ono, ndikupuma.
Galu wabwera kudzandinunkhiza kukhutu,
akudabwa kuti ndalowa liti mtundu wake.
Ine amene ndinkagunda anthu kukhoma mpaka magalasi kunjenjemera,
lero ndikukumbatira bondo langa pachifuwa
ngati khanda lobadwa dzulo.

Bambo anga ankathira madzi kuseri kwa nyumba usiku wozizira
kuti kukacha tipeze potereka.
Atakalamba ankayenda chowerama,
maso pansi, ngati akusaka ndalama yotayika.
Ndinkayesa ndi matumba a tirigu anawapinda.
Sindinawafunse.
Pano ndikudziwa pamene ankaika dzanja akamadzuka pampando,
chifukwa langa lapita lokha pomwepo.

Sokosi ija ndaigonjetsa ndili chagada,
mwendo m'mwamba ngati kachikumbu kogudubuzika.
Ndayenda mpaka pa positi ofesi n'kubwerera,
timasitepe ting'onoting'ono, pa msewu woterera,
kuopa ayezi yemweyo amene ndamukonda moyo wanga wonse.

Foni yalira.
Orest: Lachinayi ubwera? Kumbuyo kulibe munthu.
Chikwama changa chili pakhonde,
ndodo yatsamira khoma, tepi yake ikadali yatsopano.
Ndalemba kuti ayi. Ndafufuta.
Ndalemba kuti milungu itatu. Ndafufuta.
Ndalemba kuti tiona.

Marlys wawerenga ali kumbuyo kwanga.
Wachotsa thumba lija pachiuno panga,
walidula ndi sizasi,
wakhuthulira nsawawa mumphika.
Zasungunuka kale, watero.
Tidya zomwezi.