Kankhoswe ka ku El Alto

Ku El Alto mphepo siomba, imaluma.
Nemesio watsika basi Lachinayi, tsiku la msika,
chingwe cha mutu wabuluu chili m'thumba la jekete
ngati dzino lopita nalo kwa dokotala.

Mano khumi ndi asanu, limodzi lopindika.
Laputopu imene Yesenia anatumiza kuchokera ku São Paulo
ili ndi kakamwa kopyapyala, konyada,
sikadziwa chilankhulo cha sikirini yakale ija,
chimphona chafumbi chimene chinawerengera ngongole za shopu
zaka khumi ndi ziwiri osadandaula.

"Itayeni, bambo," akutero mnyamata wa mafoni.
Nemesio sayankha. Maso ake ndiwo akudziwa:
pa kagalasi katsopano zilembo ndi nyerere.

Mayi Rufina, pakati pa mabatire ndi maloko,
avundukula kabokosi. Kanthu kake nkachala chabe.
Koyambako kanali kolakwika,
kamamasulira, inde, koma mobwerera m'mbuyo,
sikirini inangoti bii usiku wonse.
Lamlungu wabwereranso. Asinthana popanda mkangano.

Tsopano akupotokola tizitsulo tiwiri, pang'onopang'ono,
mtima uli m'mwamba.
Kuphethira. Mdima. Kuphethiranso.
Kenako nkhope ya Yesenia, ngwee,
yotambasuka m'mbali ngati mtanda wa buledi
poti chakale ndi chatsopano sizimvana pa msinkhu.

"Wanenepa, mwanawe," akuseka.
"Ndi makina anuwo, ababa. Konzani."

Sakonza.
Kankhoswe kali lende kuseri kwa tebulo, kofunda pang'ono,
ndipo iye akufuna azimuona chonchi,
wonenepa, wokhuta,
kutali konko.