Mphepo Iyambe Yatuluka

Folo koloko m'mawa. Chilomoni akadali m'bulangeti.
Chiperoni chatsika ku Michiru osagogoda,
magetsi anachoka dzulo osatsanzika.
Ndagubuduza silinda yatsopano kuchokera pakhonde,
ndamanga paipi ndi sipanala yakutha mano,
ndapaka thovu la sopo paliponse pamene zitsulo zakumana.
Palibe potupa. Thovu langokhala duu.

Uvuni uwu ndinagula ku Limbe
kwa munthu amene ankatseka bekale yake akulira.
Che Ajasi ataulumikiza anapukuta manja m'thalauza
nandiuza mosathamanga:
"Mukasintha silinda, mayi, m'paipi mumatsala mphepo.
Mphepo siyaka.
Tsegulani mazenera, kanikizani batani, iyambe yatuluka.
Fungo likachuluka siyani, dikirani lipite.
Gasi safuna munthu wa phuma."

Ndiye ndagwada pasimenti yozizira,
tsaya langa pafupi ndi chitsulo,
chala chachikulu pa batani lofiira.
Kabowo kochepa ngati diso la singano
kakupuma, sssss,
mpweya wopanda fungo, wopanda kanthu.
Ndakhwatcha machesi. Lawi lapendama, lathawa.
Wachiwiri wathyoka.
Wachitatu wapsa mpaka kundinyambita chikhadabo.

Kumbuyo kwanga tochi ya foni yawala.
Ndi Yotamu, wavala jekete la malemu bambo ake.
Lero lachinayi chibwerere ku Joni,
zaka zisanu, kachikwama kamodzi.
Chifikire wandiuza za mtengo wa minibasi,
za maenje a mumsewu wa ku Chirimba,
za mpira, za mvula ya kumeneko.
Sanandiuze chifukwa chake amadzidzimuka chitseko chikamenyetseka,
kapena kumene kuli nsapato zija ankatumiza pa chithunzi.
Inenso sindinafunse.

"Unikira apa," ndatero.
Wagwada. Bondo lake lakhudza langa.
"Kumeneko mabanzi ndi aakulu, koma sakoma," akutero.
"Eya."
"Ndipo kumazizira kuposa kuno."
"Eya."
Sssss.

Kenaka mphuno yagwira kanthu,
kafungo ka kabichi woiwalika m'thumba.
Ndasiya batani. Ndakupiza ndi chivundikiro cha ndowa.
Tadikira, mphepo ya pazenera ikutiluma makutu,
tambala wa kwa a Nachuma akulira molakwitsa nthawi.

Ndakanikizanso. Machesi wachinayi.
Phu!
Kalawi kobiriwira ngati thambo la mu Okutobala,
kochepa ngati njere ya mpunga,
kakunjenjemera pamlomo pa kabowo.

Apa mpamene ambiri amalakwa.
Amaona moto, nasangalala, nachotsa chala.
Kawaya kamkuwa kali pambalipo kayenera kumva kutentha,
kakhulupirire kuti motowo ndi weniweni,
apo ayi katseka njira.
Che Ajasi anati muwerenge mpaka sate.

Wanu, thu, fili.
Chala chayamba kuchita dzanzi.
Leveni, thwelofu.
Tochi ikugwedezeka pakhoma.
Seventini.

"Amayi,
miyezi isanu ndi itatu yomaliza ija sindinali pantchito.
Anatitsekera. Tinkagona moimirira.
Mnzanga Sipiriyano sanatuluke."

Chala sindingachotse.
Dzanja linali lagwira chibokosi cha machesi,
ndachigwetsa, ndapeza khosi la jekete lija mumdima.
Thwente thu. Thwente fili.
Ndikuwerenga mokweza tsopano
kuti mawu anga akhale ndi pogwira.
Mapewa ake akugwedezeka pansi pa chikhatho changa.
Thwente naini.

Ndachotsa chala pang'onopang'ono,
monga mmene ndinkachotsera mkono pansi pa mutu wake
akagona ali khanda.

Kalawi kaima kokha.

Ndapotokola batani lalikulu,
moto wathamanga m'mizere yonse, wuuu,
chitsulo chayamba kulira ngati chikudziwongola.
Mtanda wafufuma mpaka kukankha nsalu.
Sikisi koloko ana a sukulu adzakhala pawindo
ndi ndalama zawo zofunda m'manja.

"Samba m'manja," ndamuuza.
"Thireyi yoyamba ndi yako.
Zinazo undiuza tikuumba."