Mpando Woonjezera

Ndine ndimatsegula. Makiyi amagona kwanga,
ndipo kuno ku Winnipeg, mu Januwale,
loko amaluma chala ngati galu wa eni.
Ndimakankha chipale pakhomo, kuwaza mchere pamasitepe,
kenako mipando.

Ntchito yanga ndi mipando.
Kapepala ka Mayi Desjarlais kamangonena nambala,
poti anazindikira kalekale, osatulutsa mawu,
kuti ine ndi manambala ndiye timamvana.

Makumi awiri, mozungulira, nthawi ya makanda.
Amayi awo amakhala pansi ndithu,
mipando n'kutsala ikusenza majekete.
Kamwana kena, Tavish, kamayamba buku lililonse ndi mano;
tili ndi shelefu yathunthu yokadziwa.

Masana ndimalumikiza matebulo.
Bambo Halldorson, amene anasiya kuwerenga zaka zawo,
amabweretsa foni m'jumbo ngati nsomba,
ndipo Gurleen wa ku sekondale, chingamu m'kamwa,
amawagwira chala n'kuchiyendetsa pagalasi.
"Osakanikiza, agogo, si belu la pakhomo."
Sabata yatha nkhope ya mlongo wawo inangoti tulukiru,
iwo n'kuivulira chipewa.

Oluka masikafu amakangana za misonkho, singano zikugundana.
Tsiku lina tinaitana anthu kudzadzutsa maketulo akufa,
fungo la waya wopsa linakhala m'makatani mpaka Isitala.
Palinso bambo wina amene sadzera pulogalamu iliyonse,
amangokhala pafupi ndi paipi yotentha, nsapato zikudontha,
ndipo palibe amamufunsa khadi.

Lachiwiri madzulo, chipinda chakumbuyo: khumi.
Akuluakulu ophunzira kuwerenga.
Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikuika khumi
n'kupita kukakolopa khonde lokolopakolopa kale,
cha pachitseko pomwepo, mopu ikuyenda mwaulesi,
khutu lili kwa Oksana, amene kwawo ankazula anthu mano,
akulimbana ndi liwu lokana kuzuka,
ndi Renato wa mathiraki akudziseka yekha akaphonya.

Iwowo anawoloka nyanja.
Ine ndinabadwira misewu itatu kuchokera pano,
ndilibe pobisala.
Sukulu inandidutsa ngati basi yodzaza
ndipo ndinaphunzira chiganizo chimodzi chondisunga:
magalasi ndaiwala kunyumba.
Ndachinena kubanki, kuchipatala, pa ukwati wanga womwe.
Mabuku onsewa ndimawapukuta fumbi,
ndimadziwa kulemera kwawo, fungo lawo akanyowa,
ndimadziwa ndi amene msana ukuthothoka,
koma sitinalankhulanepo.

Dzulo mdzukulu wanga Wren wandipatsa khadi
lolemba yekha ndi chekeni chofiira,
n'kuima pomwepo, manja kumbuyo, kudikira.
Ndinasisita matumba onse, mwa chizolowezi.
"Ali pamphuno panu," anatero,
osaseka n'komwe.

Ndiye lero ndi Lachiwiri.
Chipale chikugwa cham'mbali, basi yachedwa.
Kapepala kakuti khumi.
Ndapita kumulu, ndasolola wina,
wa mwendo wogwedera uja ndimabisira alendo,
ndauika kumapeto, pafupi ndi chitseko,
kuti ndikafuna kuthawa ndisaponde munthu.

Mayi Desjarlais alowa, magolovesi ali kukamwa.
Awerenga mipando ndi maso.
Awerenganso.
Sanandiyang'ane, Mulungu awadalitse.
Angotsegula kabati, atulutsa pensulo ina,
aisongola, aisongolabe,
nthawi yaitali kuposa imene pensulo imafuna.

Renato wasendeza mpando wake pang'ono
ngati mmene amapatsirana njira pamsewu.
Manja anga, odziwa kunyamula mipando inayi pakamodzi,
akulephera kapepala kamodzi kopanda kanthu.

Mopu ndaisiya m'ndowa.
Khadi lili m'thumba la malaya, likutentha pachifuwa.
Pali mawu asanu ndi limodzi, ndinawawerenga ndi chala,
ndipo loyambalo ndi lalifupi.

Khonde ligone lakuda usiku uno.