Tulo ta mu Jakisoni

Ku Bradford kumacha mochedwa mu Januwale.
Seveni koloko ndili kale mu fiyeta,
ndikukoka mankhwala m'kabotolo.
Ndi oyera ngati mkaka,
koma palibe mwana angayamwe amenewa.

Oyamba ndi bambo Ackroyd.
Anayendetsa basi zaka makumi atatu ndi zinayi,
lero ndulu yawaukira.
Akufunsa ngati alote.
Ndikuti ena amalota, ena ayi,
koma pamkonopo paluma pang'ono ngati linthumbu.
Dokotala Rangarajan akukankha jakisoni mosathamanga,
mkaka uja ukukwera mumtsempha.
"Werengani chobwerera, kuyambira teni."
Teni. Naini. Eyiti.
Seveni wathera m'kamwa.
Chibwano chagwa, ine ndachiwakha,
ndachikweza kuti mpweya upeze njira.

Kwathu timati tulo tofa nato.
Kuno amandilipira kuti munthu asafe nato.
Maso anga sachoka pa kamzere kobiriwira
kamene kamadumpha mtima ukagunda.

Masana kwabwera mtsikana, Saima,
anaterereka pa chipale, phewa linaguluka.
Iyeyu timadontho tochepa,
mphindi zisanu basi, fupa labwerera m'malo mwake, gwa!
Watsegula maso n'kutikalipira:
"Nanga muyamba liti?"

M'chipinda cha odwala mwakayakaya
muli bambo wina, makina akumupumira, lero tsiku lachisanu ndi chinayi.
Pampu imamuthirira tulo usana ndi usiku
kuti asalimbane ndi paipi ya pakhosi.
M'mawa uliwonse anzanga amaitseka kaye
n'kuitana, ngati odi pakhomo:
"Gethin, finyani dzanja langali."
Mkazi wake amaleka kuluka juzi, singano zili m'malere.
Dzulo chala chimodzi chinagwedera.
Bedi loyandikana nalo, mnyamata wa khunyu losaleka
wagonekedwa dala kuti ubongo uzizire.

Bambo Ackroyd adzuka cha m'ma leveni.
Akuti sanalote kanthu,
akungofuna tiyi ndi mano awo oikirira.

Otsala mu jakisoni timataya.
Ndimataya ndi manja angawa tulo tokwanira munthu wamkulu,
kenako basi ya ku Manningham, mvula, makiyi, chitseko.
Foni ili ndi mauthenga anayi ochokera ku Mchinji,
onse ayamba ndi moni wautali.
Ndazimitsa getsi.
Teni. Naini. Eyiti. Seveni.
Ine ndimafika mpaka ziro,
chibwano chili chilili, popanda wochigwira,
n'kuyambiranso.